Kasankhidwe ka mabatire a magalimoto amagetsi opangidwa ndi ophunzira

Chaka ndi chaka, ophunzira zaumisiri m'sukulu zaukachenjede za m'maiko osiyanasiyana amapanga timagalimoto toyendera magetsi n'kukapikisana nato. Pa mipikisano imeneyi wopambana sakhala amene wathamanga kwambiri, koma amene wamaliza mtunda woikidwa atagwiritsa ntchito magetsi ochepetsetsa. Pa chifukwa chimenechi, batire limene gulu lasankha lingathe kulipambanitsa, kuligonjetsa, kapenanso kulibweza galimoto isanaponde n'komwe pabwalo.

Nkhaniyi ikukhudza chigawo cha kummwera kwa Africa m'njira ziwiri. Choyamba, mipikisano yotere yakhala ikuchitikira m'dziko la South Africa, kumene ophunzira a m'maiko oyandikana nalo angathe kufikako pamsewu. Chachiwiri, miyala ya lithium, yomwe ndi maziko a mabatire amakono, imakumbidwa m'chigawo chomwechi. Mgodi wina waukulu uli m'boma la Goromonzi ku Zimbabwe, momwenso muli tauni ya Ruwa, pamtunda wa makilomita oposa 20 kum'mawa kwa Harare. Ili ndi dera la mafamu la Mashonaland, kumene kuli mabanja ambiri amene makolo awo anachokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia.

Mipikisano yake

Mpikisano wotchuka kwambiri ndi Shell Eco-marathon. Chiyambi chake ndi kubetcherana kwa akatswiri a kampani ya Shell ku Wood River, m'dziko la America, m'chaka cha 1939, pofuna kuona yemwe angayende mtunda wautali ndi mafuta ochepa. Mpikisano wa ophunzira unayamba ku France mu 1985, ndipo pambuyo pake anawonjezeramo magalimoto oyendera batire. Ku South Africa unayamba mu 2014 pabwalo la Zwartkops, pafupi ndi Pretoria, mothandizana ndi University of Johannesburg.

Magalimoto amagawidwa pawiri. A gulu la Prototype amakhala aafupi kwambiri msinkhu, nthawi zambiri a matayala atatu, ndipo woyendetsa amachita kugona chagada. A gulu la Urban Concept amakhala a matayala anayi ndipo amafanana ndi galimoto yaing'ono ya m'tauni. Galimoto iliyonse imazungulira bwalo mtunda wa makilomita pafupifupi 16 pa liwiro la makilomita pafupifupi 25 pa ola. Kachipangizo kotchedwa joulemeter kamawerenga magetsi onse ochoka m'batire, ndipo zotsatira zimalembedwa monga makilomita amene galimotoyo ingayende ndi yuniti imodzi ya magetsi.

Yuniti imeneyi ndi yomweyo imene anthu amagula ku ESCOM, ZESCO, ZESA kapena EDM, ndipo imalembedwa kuti kWh. Mu yuniti imodzi muli timagawo 1,000 totchedwa Wh.

Mpikisano wina ndi Sasol Solar Challenge, wa magalimoto oyendera dzuwa, umene unayamba mu 2008 m'misewu ya South Africa. Kumeneko magalimoto amayenda masiku angapo, choncho batire limakhala nkhokwe yosungiramo mphamvu ya dzuwa, ndipo gulu lililonse limafuna kusunga yochuluka momwe malamulo angalolere. Pa mpikisano wa mtundu womwewu ku Australia, wa World Solar Challenge, malamulo a 2019 analola mabatire a lithium-ion olemera makilogalamu 20. Pa Eco-marathon zinthu n'zosiyana: magetsi otsala m'batire sapatsa gulu mwayi uliwonse.

Zimene malamulo amanena

Malamulo a Eco-marathon amatuluka atsopano chaka chilichonse, ndipo gulu liyenera kutsata a chaka chimene likupikisana. Komabe mfundo zingapo zakhala zikubwerezedwa kwa zaka zambiri. Batire loyendetsa galimoto liyenera kukhala la lithium. Mphamvu yokankha magetsi isapitirire mavolti 60, ndipo batire lisasunge magetsi oposa 1,000 Wh. Batire likhale ndi kachipangizo koliyang'anira kotchedwa BMS, likhale kuseri kwa chotchinga cholilekanitsa ndi woyendetsa, ndipo litchajidwe m'thumba kapena m'bokosi losagwira moto. Galimoto ya Prototype isalemere kuposa makilogalamu 140, ndipo woyendetsa asachepere makilogalamu 50.

Galimoto imene yalephera pa mfundo imodzi mwa izi siiloledwa kulowa pabwalo, ngakhale gulu litayenda ulendo wautali bwanji.

Magetsi ofunika ndi ochepa

Funso loyamba posankha batire ndi lakuti ulendo umodzi umadya magetsi ochuluka bwanji. Galimoto yoyenda makilomita 400 pa yuniti imodzi imafuna 40 Wh zokha kuti imalize makilomita 16. Magetsi amenewa ndi ochepa kuposa amene amasungidwa m'batire la laputopu zambiri. Magalimoto apamwamba amadya ochepa kuposa pamenepa: mu 2016 gulu la TUfast, la ophunzira a ku Munich m'dziko la Germany, linalembedwa m'buku la Guinness galimoto yawo itaonetsa kuti ingayende makilomita oposa 1,200 pa yuniti imodzi.

Motero malire a 1,000 Wh si mulingo woti gulu lifikire. Batire lalikulu ndi katundu chabe, ndipo mphamvu imene imathera pakukhuzana kwa matayala ndi msewu imakwera molingana ndi kulemera kwa galimoto. Galimoto ya makilogalamu 40 yonyamula woyendetsa wa makilogalamu 50 ikawonjezeredwa batire la makilogalamu 12, mphamvu yotayika m'matayala imakwera ndi magawo pafupifupi 13 pa 100 alionse.

Mitundu ya mabatire

Batire la mtovu ndi asidi, limene Gaston Planté wa ku France anatulukira mu 1859, ndi lomwe limalizira injini za magalimoto wamba. Ndi lotsika mtengo ndipo limapezeka paliponse. Ku Harare limapangidwa ndi kampani ya Chloride Zimbabwe. Koma limasunga 30 mpaka 40 Wh zokha pa kilogalamu. Ndi lothandiza poyesera mota m'chipinda chophunzirira, osati pampikisano.

Batire la lithium-ion linayamba kugulitsidwa ndi kampani ya Sony mu 1991, ndipo akatswiri atatu amene anayala maziko ake, John Goodenough, Stanley Whittingham ndi Akira Yoshino, analandira mphoto ya Nobel mu 2019. Mitundu yokhala ndi nickel ndi cobalt imasunga 150 mpaka 250 Wh pa kilogalamu. Ndi yopepuka kwambiri, koma ikatchajidwa mopitirira muyeso, ikaboboka kapena ikatentha, imayaka moto wovuta kuzimitsa.

Mtundu wa LFP, wokhala ndi chitsulo ndi phosphate, umasunga 90 mpaka 160 Wh pa kilogalamu. Ndi wolemererako, koma supsa msanga ndipo umapirira kutchajidwa kambirimbiri. Popeza magetsi ofunika ndi ochepa, kusiyana kwa kulemera pakati pa mitundu iwiriyi kumangokhala magalamu mazana ochepa. Kwa gulu limene likuyamba kumene, LFP imapereka chitetezo chachikulu pa mtengo waung'ono chotero.

Palinso lithium-polymer, yodziwika m'tindege toyendetsedwa ndi rimoti. Imatulutsa magetsi ambiri nthawi imodzi, koma chikuto chake n'chofewa, sichichedwa kuboboka kapena kutupa.

Kuwerengera timabatire

Batire la galimoto limapangidwa polumikiza timabatire tating'onoting'ono. Kodziwika kwambiri ndi ka 18650, kamene ndi mamilimita 18 m'lifupi ndi 65 m'litali, ndipo kamalemera magalamu osafika 50. Kamodzi ka lithium-ion kamapereka mavolti pafupifupi 3.7, ndipo kakadzaza kamafika 4.2. Timabatire 13 tolumikizidwa mondondozana timapereka mavolti 48, ndipo tikadzaza timafika 54.6. Tikakhala 14 timafika 58.8, pomwe 15 timafika 63, zimene zikuswa lamulo. Choncho gulu liyenera kuwerengera mavolti a batire lodzaza, osati nambala yolembedwa pachikuto. Ka LFP kamapereka mavolti 3.2, ndipo 16 tikadzaza timafika 58.4.

Mzere umodzi wa timabatire 13 ta 18650 ungasunge pafupifupi 140 Wh ndipo sufika kilogalamu. Magetsi amenewa ndi okwanira maulendo atatu a galimoto ya chitsanzo chija. Komabe kusunga kokha si zonse. Ponyamuka ndi pokwera chitunda mota imakoka magetsi ambiri nthawi imodzi, ndipo batire lofooka limagwetsa mavolti mpaka BMS kulizimitsa galimoto ili pakati pa ulendo. N'chifukwa chake gulu liyenera kuyamba layeza zimene mota yake imakoka, kenako n'kusankha timabatire tokwanitsa kupereka zimenezo.

Ntchito ya BMS ndi kuyang'anira kabatire kalikonse, kudula magetsi pamene mavolti akwera kapena kutsika kwambiri, pamene magetsi akutuluka mopitirira muyeso, ndiponso pamene batire latentha, komanso kufananitsa timabatire potchaja. Lithium-ion sayenera kutchajidwa ikatentha kuposa madigiri 45, mulingo umene galimoto yotsekeka yoimikidwa padzuwa la mwezi wa Okutobala siichedwa kuufika.

Kupeza mabatire m'chigawo chino

Dziko la Zimbabwe ndi limodzi mwa maiko otsogola pokumba lithium mu Africa. Mu 2022 kampani ya ku China ya Zhejiang Huayou Cobalt inagula mgodi wa Arcadia ku Goromonzi pa madola 422 miliyoni a ku America, ndipo fakitale yake yoyenga miyalayi inatsegulidwa mu Julaye 2023. Mu 2022 momwemo kampani ya Sinomine inagula mgodi wa Bikita, ndipo mu Disembala boma linaletsa kutumiza kunja miyala ya lithium yosayengedwa. Ngakhale zili choncho, timabatire tenitenito timapangidwa makamaka ku China, South Korea ndi Japan. Wophunzira wa ku Ruwa, amene mgodi ali nawo pafupi, amagula kabatire kochokera kutsidya kwa nyanja mofanana ndi mnzake wa ku Blantyre, Chipata kapena Tete.

Kuzimazima kwa magetsi kwachulukitsa mabatire a LFP a sola m'masitolo a ku Harare, Lusaka ndi Lilongwe. Koma ambiri a mavolti 48 amasunga mayunitsi pafupifupi asanu ndipo amalemera makilogalamu oposa 40, motero amaswa malire a mpikisano. Timabatire tochotsedwa m'malaputopu akale n'totsika mtengo, koma timakhala totha mosiyanasiyana, ndipo kofooka kwambiri ndi kamene kamalamula mzere wonse. Oyendera magalimoto pampikisano amafunanso zikalata zofotokoza batire ndi BMS yake, zomwe katundu wa kaunjika sakhala nazo.

Mayendedwe nawonso ali ndi malamulo. Mabatire a lithium amawerengedwa m'gulu la katundu woopsa. M'ndege, wapaulendo amaloledwa kunyamula m'manja batire losapitirira 100 Wh, kapena 160 Wh kampani ya ndege ikavomereza. Gulu lochokera ku Zimbabwe, Zambia kapena Malawi liyenera kulingalira msanga ngati batire lidzadutse pamsewu pachipata cha Beitbridge kapena lidzagulidwe ku South Africa komweko.

Choncho ndondomeko yoyenera ndi kuwerenga malamulo a chakacho, kuyeza magetsi amene galimoto ikudya, kusiya otsala okwanira ulendo wina umodzi kapena iwiri, ndi kugula timabatire tatsopano ta mtundu umodzi kwa wogulitsa wopereka zikalata. Batire loyenera ndi laling'ono kwambiri mwa amene angamalize ulendo popanda kuika moyo wa woyendetsa pachiswe.