Kufunika kwa matayala pa mpikisano wa magalimoto a Formula One

Pa mpikisano wa magalimoto a liwiro wa Formula One, mphamvu zonse za injini zimafika pansi kudzera pa malo awiri ang'onoang'ono pamene matayala akumbuyo amakhudza mseu. Ngati matayala sagwira bwino, galimoto singathe kunyamuka mwaliwiro, kukhota kapena kuima msanga, ngakhale injini yake ikhale yamphamvu motani.

Kugwira mseu kumabwera cifukwa ca kukhulana kwa tayala ndi phula. Tayala lofewa limalowa m'timaenje ting'onoting'ono ta phula ndipo limamatirira, motero silitereza. Izi zimatheka bwino tayala likatentha kufika pa madigiri pafupifupi 100. Likazizira limauma, ndipo likatentha mopitirira limayamba kunyenyeka. Ndiye cifukwa cake oyendetsa amakhotetsa magalimoto ao uku ndi uku mpikisano usanayambe, kuti matayala afunde.

Cina cothandiza ndi mphepo. Magalimotowa ali ndi mapiko kutsogolo ndi kumbuyo amene amagwira nchito mosiyana ndi a ndeke. M'malo monyamula galimoto, amaikanikizira pansi, ndipo liwiro likakwera matayala amagwira koposa.

Koma tayala logwira kwambiri limathanso msanga. Kampani ya Pirelli ya ku Italy, imene yakhala ikupereka yokha matayala a mpikisanowu kuyambira mu 2011, imawasiyanitsa ndi mitundu. Ofiira ndi ofewa, acikasu ndi apakati, pamene oyera ndi olimba ndipo amakhalitsa. Lamulo limafuna kuti ngati kulibe mvula, woyendetsa agwiritse nchito mitundu yosacepera iwiri. Motero kusankha nthawi yosinthira matayala kungapambanitse kapena kugonjetsa gulu. Mu 2023 ku Qatar, amakanika a McLaren anasintha matayala onse anai m'masekondi 1.80.

Matayala a pouma amakhala osalala, opanda mizere, kuti mbali yaikulu ikhudze phula. Kukagwa mvula amakhala oopsa cifukwa amayandama pa madzi, ndipo ciwongolero ndi mabuleki zimaleka kumvera. Pamenepo magulu amaika matayala a mizere yocotsa madzi: obiriwira pa mvula yocepa, ndi abuluu pa mvula yamphamvu.

Bungwe la FIA, limene limayang'anira masewerawa, lagwiritsapo nchito matayala pofuna kucepetsa liwiro pokhota. Kucokera mu 1998 mpaka 2008 linalamula kuti ngakhale matayala a pouma akhale ndi mizere. Osalala anabwereranso mu 2009.

Kufunika kwa matayala kunaonekera poyera pa 19 June 2005 ku Indianapolis, m'dziko la America. Caka cimeneco malamulo sanali kulola kusintha matayala mpikisano uli mkati. Pa nthawi yoyeserera, tayala lakumbuyo kumanzere la galimoto ya Toyota ya Ralf Schumacher linaphulika pa kona ya nambala 13, yomwe ndi yopendekeka ndipo magalimoto amadutsapo mwaliwiro lalikulu. Iye anakagunda cipupa.

Kampani ya Michelin inauza magulu asanu ndi awiri amene inali kuwapatsa matayala kuti singatsimikize kuti matayalawo angapirire mpikisano wonse pa kona imeneyo. Magulu ndi FIA analephera kumvana pa njira yothetsera vutolo. Magalimoto 14 anabwerera m'magaraja mpikisano usanayambe, ndipo panatsala 6 cabe a Ferrari, Jordan ndi Minardi, amene anali ndi matayala a Bridgestone. Michael Schumacher anapambana pamaso pa anthu okwiya amene analipira ndalama zao kudzaonerera. Michelin inacoka mu Formula One kumapeto kwa caka ca 2006.