PHIRI LA MULANJE NDI ALENDO AKE

Mlendo akafika mu mzinda wa Blantyre, nagonamo masiku awiri kapena atatu, sachedwa kufunsa kuti: "Kodi kuno ndingakaone chiyani?" Ena amamulozera nyumba ya Mandala, imene inamangidwa m'chaka cha 1882. Ena amamtengera ku tchalitchi cha njerwa cha St Michael and All Angels, chimene chinatsirizidwa m'chaka cha 1891. Koma kawirikawiri uphungu wonse umathera pa mawu amodzi: "Musabwerere kwanu musanaone Mulanje." Ndipo n'zoona, pakuti phirili lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 65 okha kuchokera mu mzindawu, ndipo nsonga yake, Sapitwa, ndi yotalika mamita 3,002, kuposa phiri lina lililonse m'Malaŵi muno.

Tsono funso lathu lero ndi ili: kodi phiri limeneli linasanduka bwanji malo okopa alendo, ndipo ndani anasenza katundu wa ulemerero umenewu?

Kale makolo athu sankakwera phiri kuti akangoona malo ayi. Kwa Amang'anja, Ayao ndi Alomwe okhala m'tsinde mwake, phirili linali gwero la madzi, nkhuni ndi mankhwala, pothawira nkhondo, ndiponso mudzi wa mizimu. Dzina lakuti Sapitwa likunena lokha: kumeneko sikupitidwa. Akuluakulu amasimba kuti munthu woyenda m'phirimo akapeza chakudya chokonzakonza panjira, adye yekha mwakachetechete, osaitana mnzake. Wina angaseke nthano zotere, komabe zinali ndi ntchito yake: zinkaphunzitsa ana kuti m'phiri salowamo mwachipongwe.

David Livingstone analiona phirili m'chaka cha 1859, pa ulendo wake wa ku nyanja ya Chilwa. Patapita zaka makumi atatu, Azungu anayamba kukhazikika m'derali, ndipo chaka cha 1891 chinabweretsa zinthu ziwiri zimene zinasintha nkhope ya Mulanje. Choyamba, Henry Brown anabzala tiyi, mbewu zake atazitenga ku mishoni ya Blantyre. Minda yobiriwira imene mlendo amaijambula lero asanafike pa boma inayambira pamenepo. Chachiwiri, Alexander Whyte, katswiri wa zomera, anakwera phirilo napeza mitengo ikuluikulu ya mkungudza. Akatswiri anzake anautcha mtengowo dzina la Mzunguyo, Widdringtonia whytei, ngakhale eni dziko ankaudziwa kale lomwe.

Masiku amenewo sanali a mtendere. Njira ya akapolo yopita ku nyanja yamchere inkadutsa pa mpata wa pakati pa Mulanje ndi phiri la Michesi. M'chaka cha 1893 boma la atsamunda linamanga linga la Fort Lister pa mpatapo kuti litseke njirayo. Mabwinja ake alipo mpaka lero, m'dera limene tsopano lili m'boma la Phalombe. Mlendo woima pamenepo ayenera kukumbukira kuti oyamba kuyenda maulendo ataliatali m'njira zimenezi sanayende mwa kufuna kwawo. Anayenda goli lili m'khosi.

Ukapolo utatha, katundu sanachoke pamutu pa munthu wakuda. Alomwe ambiri anawoloka malire kuchokera ku Mozambique, kuthawa nkhanza za Apwitikizi, nadzagwira ntchito m'maesiteti a tiyi, ena mwa iwo pansi pa goli lina lotchedwa thangata. Pamwamba pa phiri napo ntchito inakula. M'chaka cha 1927 boma linalengeza kuti Mulanje ndi nkhalango yotetezedwa, koma kucheka mkungudza kunapitirira, pakuti matabwa ake ndi onunkhira ndipo chiswe sichiwadya. Amuna ankasenza matabwawo pa nkhata, natsika nawo m'matanthwe otsetsereka, opanda nsapato. Njira zambiri zimene alendo amayendamo lero zinapondedwa ndi mapazi a anthu amenewa.

Pang'ono ndi pang'ono Azungu a ku Blantyre, Limbe ndi Zomba anazolowera kukapuma m'phirimo, kumene mphepo yozizira inkawakumbutsa kwawo. M'chaka cha 1949 Laurens van der Post anayendera phirili atatumidwa ndi boma la Britain. Pa ulendowo mnyamata wina wa ntchito za nkhalango anakokoloka ndi madzi powoloka mtsinje, namwalira. Buku limene van der Post analemba, Venture to the Interior, linatuluka m'chaka cha 1952, ndipo linafalitsa mbiri ya Mulanje kutali. M'zaka zomwezo linakhazikitsidwa bungwe la okwera mapiri, limene lero limatchedwa Mountain Club of Malawi, ndipo nyumba zogonamo alendo, monga za pa Chambe, Lichenya, Thuchila ndi Sombani, zinadziwika.

Koma kodi mabuku otere amasunga maina a yani? Amasunga maina a alendo. Amtengatenga amene anasenza zakudya ndi zofunda, amene ankadziwa pamene pali poterera ndi nthawi imene nkhungu ya chiperoni idzatseka njira, ambiri a iwo maina awo anapita ndi mphepo. Nkoyenera tsono kuyamikira mpikisano wa liwiro wa Porters Race, umene unayamba m'zaka za m'ma 1990. Poyamba unali wa amtengatenga okhaokha, ndipo unaonetsa dziko kuti njira imene mlendo amayenda tsiku lathunthu, mwana wa ku Likhubula amaithamanga m'maola ochepa chabe.

Ulemu wa phirili wakhala ukukulirakulira. M'chaka cha 1984 mkungudza wa Mulanje unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko la Malaŵi. M'chaka cha 2000 bungwe la UNESCO linaika phirili m'gulu la malo osungirako zachilengedwe, ndipo m'chaka cha 2025 linalilemba m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi, makamaka chifukwa cha miyambo ndi zikhulupiriro za anthu olizungulira. Zimene kale zinkatchedwa nthano za anthu osaphunzira, lero ndizo zapatsa phirili ulemu.

Komabe ulemu wa papepala suteteza mtengo. Kucheka mobisa ndi moto wolusa zinawononga mkungudza kotero kuti kafukufuku wa m'chaka cha 1917 akadachitika akadapeza nkhalango, koma wa m'chaka cha 2017 anapeza mitengo ikuluikulu isanu ndi iwiri yokha. Bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust, pamodzi ndi anthu a m'midzi, labzala mbande zambirimbiri, koma mkungudza suthamanga. Amene akubzala lero sadzakhala pa mthunzi wake. Ndipo phiri likavulidwa, olira oyamba si alendo. M'mwezi wa Marichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula nthaka ndi miyala m'mapiri a Mulanje ndi Phalombe, nakwirira nyumba ndi anthu omwe. Ngakhale a mu mzinda nawo nkhaniyi ikuwakhudza, pakuti ena mwa madzi amene amamwa ku Blantyre amachokera mu mtsinje wa Likhubula.

Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Amafika Loweruka, nasamba pa Dziwe la Nkhalamba, najambula thanthwe la Chambe, nabwerera ku Blantyre Lamulungu madzulo. Otsala ndi eni ake. Chifukwa chake, inu makolo owerenga tsamba lino, phirili lisakhale la alendo akunja okha. Tengani ana anu akalione, ndipo muwasimbire za Fort Lister, za thangata ndi za osenza matabwa. Mukapeza wokulondolerani njira, mfunseni dzina lake, mumvere malangizo ake, ndipo mumlipire mosanyinyirika. Wina akakutsatsani kabokosi konunkhira ka mkungudza, yambani mwafunsa kumene thabwalo lachokera. Mukatero mudzakhala mutaona phiri lenileni, pamodzi ndi anthu amene alisenza pamutu zaka zonsezi.