DIKEMBE MUTOMBO: CIMPHONA CA KU CONGO

 Lero tikamba mbiri ya munthu amene anacoka kwao kukafuna maphunziro ndi nchito, monga ambiri a inu munacoka kwanu. Dzina lace ndi Dikembe Mutombo, wa mtundu wa Aluba. Inu a ku Kitwe, Mufulira ndi Cingola mtundu umenewu muudziwa, pakuti anthu a ku Kasai akhala akugwira nchito m'migodi ya ku Katanga ndi ya kuno komwe.

Mutombo anabadwa pa 25 June 1966 mu mzinda wa Léopoldville, umene m'caka comweco unapatsidwa dzina la Kinshasa. Atate wace anali munthu wa nchito ya sukulu, ndipo mwanayo anakula ndi mtima wofuna kudzakhala dotolo. M'caka ca 1987 anapeza thandizo la ndalama za maphunziro, napita ku Georgetown University mu mzinda wa Washington ku America. Akulu anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi.

Tsono mnyamatayu anali wamtali modabwitsa, mapazi 7 ndi mainchesi 2. Mphunzitsi wa masewera pa sukulupo, John Thompson, atamuona anamuitana kuti alowe m'timu ya basketball. Kwa inu amene simunaonepo masewerawa, ndifotokoze pang'ono. Mbali iri yonse ikhala ndi anthu asanu, ndipo mpira augwira ndi manja. Cimene afuna ndico kuuponya m'nkhata ya citsulo yopacikidwa m'mwamba mapazi 10. Munthu wamtali koposa anzace amuika pakati, pafupi ndi nkhatayo, ndipo amucha center. Nchito yace ndiyo kulanda mpira umene walephera kulowa, ndi kuphumitsa mpira wa adani usanafike pa nkhata. Iye ndiye mlonda wa pakhomo.

Za udotolo zinatha pamenepo, koma sukulu sanaitaye ai. M'caka ca 1991 anatsiriza maphunziro a zinenero ndi a ukazembe. Anali kulankhula zinenero 9, za Azungu ndi za kwao. Caka comweco timu ya Denver Nuggets, ya m'bungwe lalikulu la NBA, inamusankha, ndipo mwa anyamata onse osankhidwa iye anali wacinai.

Mbiri yace inamveka kwambiri m'caka ca 1994. Pa mpikisano wa kumapeto kwa caka, Denver inali timu yotsiriza mwa matimu 8 a cigawo cace, ndipo inakomana ndi Seattle SuperSonics imene inali yoyamba. Denver inagonja masewera awiri oyamba, koma inapambana atatu otsalawo motsatana. M'masewera asanuwo Mutombo anaphumitsa mipira 31. Kufikira caka cimeneco panalibe timu yotsiriza imene inagwetsapo yoyamba. Mpira utatha, cimphonaco cinagona cagada pa bwalo, mpira uli m'manja, cirikulira ndi cimwemwe.

Anali ndi cizolowezi cimodzi cimene dziko lonse linamudziwa naco. Akaphumitsa mpira anali kuimika cala cace ca mkombaphala ndi kucigwedeza, monga kholo loletsa mwana. Akulu a masewera anaona ngati kutero ndi kunyoza mnzace, ndipo anayamba kumulanga. Iye sanaleke, anangotembenuka, nagwedezera cala anthu oonerera.

M'caka ca 1996 anasamukira ku Atlanta Hawks, ndipo m'2001 ku Philadelphia 76ers. Caka cimeneco anafika pa masewera otsiriza olimbirana cikho, koma Los Angeles Lakers, imene inali ndi Shaquille O'Neal, inawagonjetsa masewera 4 kwa 1. M'2003 anafikanso pomwepo ali ku New Jersey Nets, nalepheranso. Cikho cacikuluco sanacigwirepo moyo wace wonse. Koma kanai konse, m'zaka za 1995, 1997, 1998 ndi 2001, anachulidwa mlonda woposa onse m'NBA. Mipira imene anaphumitsa inakwana 3,289, ndipo womposa pa cowerengero cimeneci ndi mmodzi yekha, Hakeem Olajuwon wa ku Nigeria, amene anaphumitsa 3,830. Onani, awiri onsewo ndi ana a mu Africa. Mutombo anasewera zaka 18, kufikira April 2009 pamene anapweteka bondo ali ku Houston Rockets, ali ndi zaka 42.

Tsopano ndifike pa mtima pa nkhani. Munthu akalemera ku cilendo, kawirikawiri kwao amakuiwala. Mutombo sanatero. M'caka ca 1997 anakhazikitsa bungwe lothandiza anthu a ku Congo pa za umoyo ndi maphunziro, natsimikiza mtima kumanga cipatala ku Kinshasa. Nchitoyo inacedwa, ndipo kusonkhanitsa ndalama kunali kobvuta. Mwala woyamba unaikidwa m'2001, koma cipatalaco cinatsegulidwa m'2007, ku dera la Masina kumene kukhala anthu osauka ambiri. Cinadya madola 29 miliyoni, ndipo madola 15 miliyoni anacoka m'thumba lace. Anacicha Biamba Marie Mutombo, dzina la amai ace amene anamwalira cisanamangidwe. Motero mnyamata amene sanakhale dotolo anamangira madotolo nyumba yogwiriramo nchito.

Atapuma, m'2009 bungwe la NBA linamuika kukhala kazembe wace wa ku maiko onse, ndipo anayenda mu Africa kuphunzitsa anyamata ndi asungwana. M'2015 dzina lace linalembedwa m'nyumba ya cikumbutso ya akatswiri a basketball ku Springfield, ndipo pambuyo pace matimu a Atlanta ndi Denver analamula kuti nambala yace, 55, isabvalidwenso ndi munthu wina. Anamwalira ku Atlanta pa 30 September 2024 ndi nthenda ya khansa ya mu ubongo, ali ndi zaka 58.

Abale anga, palibe wa ife amene adzagwira madola miliyoni. Koma funso limene Mutombo anayankha liri pa ife tonse tsiku la malipiro: kodi mwa zimene ndalandira, nciani cidzafika kumudzi? Mphamvu za thupi zimatha. Bondo la cimphona linathyoka, ndipo msana wa munthu wa mumgodi udzatopanso. Wina sangamange cipatala, koma angathe kulipirira mphwace sukulu, kapena kugulira amai ace malata. Kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka.