KHOTI NDI BWALO: MAWU AWIRI, MBIRI IMODZI

Abale anga a ku Namitambo, ine ntchito yanga ndi mainjini a maboti, koma imvani iyi.

Mawu oti court anachokera ku Chilatini, kutanthauza malo otchingidwa ndi mpanda. Kenaka anasanduka nyumba ya mfumu, poweruzira milandu, posewerera netibo, ngakhale kufunsira mbeta. Nafenso bwalo lathu n'chimodzimodzi: la mfumu, la gule, la mpira, la ndege.

Koma dzina lokoma limabisa zambiri. Mu 1915, otsatira a Chilembwe, wa kwanu komweko ku Chiradzulu, anaweruzidwa ndi atsamunda, ena n'kuphedwa. Mu 1969 boma la Kamuzu linapatsa makhoti a mafumu mphamvu yoweruza milandu yakupha, loya osaloledwa. Ndiwo anagamula mu 1983 kuti Orton ndi Vera Chirwa aphedwe. Sanawanyonge, koma Orton anafera kundende ya Zomba mu 1992.

Khoti lomwelinso ndi dzina la amene anafafaniza chisankho pa 3 February 2020.

Ndiye mukamva kuti nkhani yapita kubwalo, funsani: akuweruza ndani, nanga wosauka apatsidwa mpata wolankhula?

Tumizirani ena.