Alick Nkhata: Gitala pa Wailesi ya ku Lusaka

Ana inu a m'sukulu za ku Kafue, ndi inu aphunzitsi amene muwerengere ana nkhani ino, tiyeni tiyambire pa ulalo wa njanji umene uli pafupi ndi tauni yanu. Ulalowo unamalizidwa m'chaka cha 1906, pamene njanji yochokera ku Livingstone inali kulinga ku Broken Hill, kumene lero timati Kabwe. Mabuku a mbiri amatiuza za katundu amene anadutsa pamenepo m'zaka zotsatira: malasha a ku Wankie kupita ku migodi, ndi mkuwa wa ku migodi kupita kumwera. Koma panali katundu winanso amene mabuku satchula kawirikawiri. Anyamata amene anakagwira ntchito ku Bulawayo ndi ku Johannesburg, pobwerera kwawo, ankanyamula galamafoni ndi mbale zake zakuda zosachedwa kusweka, ndipo ena ankabereka gitala kumsana. M'mbalezo munali nyimbo za Jimmie Rodgers wa ku America, ndiponso pambuyo pake za George Sibanda wa ku Bulawayo. Zimenezi zinawoloka mtsinje wa Kafue pa sitima, nizilowa m'makomboni a ku Lusaka ndi a ku migodi.

Tsono m'makomboni amenewo munkakhala anthu a zilankhulo zosiyanasiyana, monga momwe zilili ku Kafue kwanuko, kumene Mtonga, Mlozi, Mbemba ndi Mchewa amagula pa msika umodzi. Kumudzi nyimbo iliyonse inali ndi nthawi yake ndi eni ake: ina ya pamtondo, ina ya pachinamwali, ina ya pamaliro. M'tauni munthu ankaweruka ku ntchito madzulo nakhala pakati pa anzake osadziwa magule a kwawo. Panafunika nyimbo ina yoti onse aimve ndi kuivina pamodzi.

Zimenezi sizinachitike kwathu kuno kokha. Ku Gold Coast, dziko limene lero ndi Ghana, nyimbo ya m'tauni yotere inapatsidwa dzina loti highlife, kutanthauza moyo wapamwamba. Dzinali linachokera kwa anthu wamba amene ankaimirira kunja kwa nyumba zovinira, kusuzumira olemera atavala bwino akuvina mkati. Mfumu ya nyimbo imeneyi inali E.T. Mensah, amene anabadwira ku Accra m'chaka cha 1919 ndi kumwalira mu 1996. Ntchito imene anaphunzira inali ya mankhwala a chipatala, koma dziko linamudziwa chifukwa cha lipenga lake ndi gulu lake lotchedwa Tempos. Louis Armstrong atafika ku Accra mu 1956, awiriwa anaimba pamodzi, ndipo Ghana italandira ufulu mu 1957 nyimbo za Mensah zinali pakamwa pa anthu. Ife kuno sitinatenge dzina la highlife, koma chinthucho chinalipo, ndipo munthu amene anachita kwathu zofanana ndi zimene Mensah anachita kwawo ndiye Bambo Alick Nkhata. Kusiyana kwake nkwakuti Mensah anakulira m'nyumba zovinira, pamene a Nkhata anakulira m'nyumba ya wailesi.

A Nkhata anabadwira ku Kasama m'chaka cha 1922. Bambo awo anali Mtonga, mayi awo Mbemba, kotero kuti kuyambira ubwana makutu awo anazolowera zilankhulo zoposa chimodzi. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ya 1939 mpaka 1945, analowa usilikali natumizidwa ku Burma, dziko la kutali kupitirira India, kumene asilikali a ku Africa kuno anamenyana ndi a ku Japan m'nkhalango za mvula yambiri. Kunkhondo komweko kunalinso asilikali a ku Gold Coast ndi Nigeria. Anyamata ambiri amene anabwerako anabwera ndi maso otseguka, ataona maiko, atamva nyimbo za mitundu ina, ndiponso atayamba kudzifunsa chifukwa chake dziko lawo linali m'manja mwa alendo.

Nkhondo itatha, a Nkhata anagwira ntchito ndi Hugh Tracey, mzungu amene anathera moyo wake akuyenda m'midzi ya Africa kujambula nyimbo za makolo. Tracey ankada nkhawa kuti nyimbo zimenezi zidzazimirira chifukwa cha zachilendo, ndipo mu 1954 anakhazikitsa nkhokwe ya nyimbo yotchedwa International Library of African Music, imene lero ili pa yunivesite ya Rhodes ku South Africa. Kwa munthu ameneyu a Nkhata anaphunzira luso lojambula mawu, komanso chinthu china chachikulu koposa: kukhala pansi ndi kumvetsera nkhalamba ikuimba, osaidula pakamwa, ndi kufunsa tanthauzo la liwu lililonse.

Tsopano tinene za wailesi, pakuti popanda iyo dzina la a Nkhata silikanamveka kutali. Boma la atsamunda linayamba kuulutsa mawu ku Lusaka mu 1941, pofuna kuuza anthu nkhani za nkhondo. Nkhondo itatha, mkulu wa zofalitsa nkhani, Harry Franklin, anakulitsa ntchitoyo kufikira inakhala Central African Broadcasting Service, yolankhula kwa Afirika a maiko atatu: Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland. Inkaulutsa m'Chinyanja, Chibemba, Chitonga, Chilozi, Chishona, Chindebele ndi Chingerezi. Koma panali vuto. Wailesi za masiku amenewo zinali zodula, ndipo zambiri zinkafuna magetsi, amene m'midzi ndi m'makomboni munalibe. Franklin anapempha makampani a ku Britain kuti apange wailesi yotchipa yoyendera batire, ndipo kampani ya Ever Ready inavomera. Mu 1949 inafika wailesi yobulungira ngati poto wophikira, yopakidwa utoto wabuluu, imene anthu anaitcha Saucepan Special. Mtengo wake unali mapaundi 5, batire lake mashileni 25. Sizinali ndalama zochepa kwa wantchito wa nthawi imeneyo, komabe ambiri anasunga mpaka anagula, ndipo nyumba imodzi ikakhala nayo, madzulo anansi onse ankadzaza pakhonde.

Inu aphunzitsi, ngati m'dera la sukulu yanu muli agogo amene anakula m'zaka za m'ma 1950, tumani ana akawafunse za wailesi ya poto, ndi za pulogalamu ya Zimene Mwatifunsa, imene anthu ankalembera makalata kupempha nyimbo ndi kupereka moni kwa abale akutali. Musachedwe nazo, pakuti amene akukumbukira atsala owerengeka.

M'nyumba ya wailesi imeneyi ndimo a Nkhata analowa ntchito, nakhala muulutsi, womasulira ndi woyang'anira nyimbo. Galimoto ya wailesi inkayenda m'maboma kujambula oimba a m'midzi, ndipo nyimbozo zinkasungidwa ku Lusaka. A Nkhata sanakhutire ndi kusunga kokha. Ankatenga nyimbo ya kumudzi, kuimvetsa bwino, kenaka nkuikonza kuti iimbike ndi gitala ndi mawu a amuna angapo ogwirizana, wina pamwamba, wina pakati, wina pansi. Anayamba ndi kagulu ka anthu anayi, pambuyo pake nakhazikitsa Lusaka Radio Band, imene inadzatchedwa Big Gold Six. Anapekanso nyimbo zawozawo, makamaka m'Chibemba ndi m'Chinyanja, zonena za chikondi, ukwati, mowa, ndalama ndi misampha ya moyo wa m'tauni. Mawu awo anali ofewa, osakuwa, ndipo ankadzudzula moseketsa, monga amachitira malume wanzeru amene safuna kuchititsa mphwake manyazi pagulu.

Alipo amene amati kuveka nyimbo ya makolo gitala ndiko kuiwononga. Mlandu umenewu si wachabe. Nyimbo ya pamtondo ikachoka pamtondo imataya kugunda kwa munsi kumene kunaibala, ndipo nyimbo imene kumudzi inkatha usiku wonse, pa mbale ya galamafoni inkayenera kutha m'mphindi zitatu. Koma ine ndiima ndi a Nkhata. Mwana wobadwira m'komboni ya ku Kitwe sakanaimva konse nyimbo ya kwa agogo ake ikanakhala kumudzi kokha. Ndiponso Mlozi wa ku Mongu sakanaimba nawo nyimbo ya Chinsenga, ngakhale Mngoni wa ku Fort Jameson, Chipata wa lero, kuimba ya Chibemba. Anthu amenewa anayamba kudziwana m'makutu asanakhale mtundu umodzi pa mbendera.

Ntchito ya pa wailesi inali ndi minga yake. Mu 1953 boma la Britain linalumikiza maiko atatu aja m'Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, Afirika ambiri akukana. Amene ankatsogolera kukanako kuno anali Bambo Harry Nkumbula a chipani cha African National Congress, amene anaphunzira pa sukulu ya mishoni ya Methodist ku Kafue konkuno. M'chaka chomwecho iwo anatentha poyera, ku Lusaka, chikalata cha boma cholongosola za Chitaganya. Tsono wailesi inali ya boma, ndipo aulutsi achikuda ankayenera kuwerenga nkhani monga boma linazilembera. Taganizani, ana inu, munthu amene mtima wake uli ndi anthu a mtundu wake, koma pakamwa pake payenera kutuluka mawu a wolamula. Anthu ena anayamba kuwakayikira. Peter Fraenkel, amene ankagwira nawo ntchito pa wailesiyo, analemba m'buku lake lotchedwa Wayaleshi, la mu 1959, za mphekesera zimene zinafala masiku amenewo zakuti antchito a pa wailesi ndi ogwirizana ndi banyama, anthu amene ankawaganizira kuti amagwira anzawo usiku ndi kuwapopa magazi. Ku Malawi amati anamapopa. Zinali zabodza, koma bodza lotere limabala mantha enieni, ndipo limamera kumene anthu aleka kukhulupirira owalamula. Mu 1958 wailesi ya ku Lusaka inaikidwa pansi pa bungwe la Chitaganya, Federal Broadcasting Corporation, ndipo goli la aulutsi linalemera koposa.

A Nkhata anasankha mbali yawo. Pamene chipani cha UNIP, chotsogozedwa ndi Bambo Kenneth Kaunda, chinkamenyera ufulu kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1960, iwo anapereka luso lawo naimba nyimbo zolimbikitsa chipanicho ndi ufulu wa dziko. Chitaganya chinatha kumapeto kwa 1963, ndipo pa 24 Okutobala 1964 Zambia inabadwa. M'boma latsopano a Nkhata anakwera kufikira pa utsogoleri wa wailesi ya dziko, imene inadzatchedwa Zambia Broadcasting Services, natumikiranso m'ntchito za boma zosamala chikhalidwe.

Pakati pa zaka za m'ma 1970 Pulezidenti Kaunda analamula kuti pafupifupi nyimbo zonse zomveka pa wailesi zikhale za m'dziko muno. Achinyamata anatenga magitala a magetsi nakulitsa nyimbo ya Zamrock, ya magulu monga WITCH ndi Ngozi Family ya Paul Ngozi, ndipo m'zaka za m'ma 1980 kalindula anakula ndi oimba monga P.K. Chishala ndi gulu la Amayenge. Nyimbo zawo zinali zaphokoso kuposa za a Nkhata, koma njira yotengera nyimbo ya kumudzi ku gitala ndi ku wailesi anaipeza italambulidwa kale.

Pa nthawiyo a Nkhata anali atapuma pa ntchito nakakhala pa famu yawo ku Mkushi. Koma mtendere umene anaufuna kumeneko sunakhalitse. Kutsidya kwa Zambezi, ku Rhodesia, kunali nkhondo ya ufulu, ndipo Zambia inasunga omenyera ufulu a gulu la ZIPRA la Bambo Joshua Nkomo m'misasa ingapo. Pa 19 Okutobala 1978 asilikali a boma la Ian Smith analowa m'dziko lathu ndi ndege zankhondo, naukira msasa wa ku Chikumbi, kumpoto kwa Lusaka, ndi wina ku Mkushi, mmene munali atsikana ndi amayi ambiri. Anthu ochuluka anafa. A Nkhata, amene famu yawo inali m'dera lomwelo, anaphedwa m'chiwembu chimenecho, ali ndi zaka pafupifupi 56. Munthu amene anapulumuka nkhondo ya ku Burma anafera kwawo, m'dziko lomasuka, Zimbabwe itatsala chaka ndi theka kuti ilandire ufulu wake mu Epulo 1980.

Mawu awo sanapite nawo kumanda. Mu 1991 kampani ya RetroAfric ya ku London inasonkhanitsa nyimbo zawo zakale m'chimbale chotchedwa Shalapo, liwu la Chibemba lotsanzikira munthu wotsala. Ndipo tsiku lina sukulu yanu ikadzakonza ulendo wa ku Lusaka, mtunda wa makilomita pafupifupi 45 kuchokera ku Kafue, mudzapemphe aphunzitsi kuti akuonetseni nyumba ya Zambia National Broadcasting Corporation, imene anthu amaitcha Mass Media. Musanalowe pachipata, mudzawerenge chikwangwani cha msewu umene nyumbayo ili. Msewuwo ndi Alick Nkhata Road.