Mbiri ya Afransisko: kuchokera ku Assisi mpaka ku Chawama

Lamulungu m'mawa, misewu ya ku Chawama, mu mzinda wa Lusaka, imadzaza ndi amayi ovala zitenje za mpingo, onse ulendo wa ku tchalitchi cha Regina Pacis. Parishiyi amaitumikira ndi ansembe a chipani cha Fransisko Woyera, otchedwa Conventual, ndipo mbiri ya kamangidwe kawo idayambira kutali.

Cha m'ma 1206, Fransisko adapeza katchalitchi ka San Damiano, kunja kwa mzinda wa Assisi ku Italy, kali kakugwa. Adayenda kupempha miyala, nkumaisenza yekha mpaka adakakonza. Adateronso ndi Porziuncola, katchalitchi kakang'ono komwe adamwalirira pafupi nako mu 1226. Mu 1569 anthu adayamba kumanga tchalitchi chachikulu cha Santa Maria degli Angeli, koma kakang'onoko sadakagumule. Adachimanga mokazungulira, ndipo mpaka lero kali m'kati mwake ngati mwana m'chitenje cha amake.

Mwambo womanga ndi manja umenewu udafika ku Zambia mu 1931, pamene ansembe a ku Italy, motsogozedwa ndi bambo Francis Mazzieri, adatsikira ku Bwana Mkubwa pafupi ndi Ndola. Chaka chomwecho a Capuchin a ku Ireland, nawonso Afransisko, adayamba ntchito ku Livingstone. Mazzieri adadzakhala episkopi woyamba wa Ndola mu 1959.

Ku Lusaka a Conventual adapeza Chawama, komboni yomwe kale inkatchedwa Roberts Compound, itamera pa malo a famu popanda mapulani. Lamulo la nyumba la 1974 ndilo lidapatsa makomboni otere chilolezo chokhalapo, anthu nkuyamba kumanga zokhalitsa. Matchalitchi a m'komboni adakula monga zidakulira nyumba za eni ake: mabuloko a simenti, denga la malata, chipinda chowonjezera ndalama zikapezeka. Nyumba ya ansembe imakhala pafupi ndi tchalitchi, kuti wodwala kapena wofedwa asasowe pogogoda. Chapafupi, ku Makeni, kuli St. Bonaventure, sukulu yomwe anyamata a chipanichi amaphunzirako.

Makoma amenewa adakwera ndi zopereka za m'miphakati, za amayi ogulitsa tomato ndi abambo aganyu. Pamene maparishi akukuza matchalitchi awo, tiwafunse agogo omwe adasenza mchenga akadali moyo, tilembe zomwe akukumbuka, ndipo khoma lakale tisafulumire kuligwetsa.