Kinnah kapena Mtawali: mlandu wosowa bwalo

Chisanu cha mu June chikatsika m'phiri la Dedza, abambo amaunjikana pa mbaula m'makhonde a magolosale, ndipo nkhani ya mtengo wa kachewere ikatha pamabuka mkangano wakalekale: kodi katswiri woposa onse amene anavalapo yunifolomu ya Flames ndani? Aimvi amati Kinnah Phiri. Azaka za m'ma 50 amati Ernest Mtawali. Anyamata amatulutsa foni n'kuonetsa chigoli chimene Gabadinho Mhango anamwetsa Morocco ali kutali ndi golo, ku Cameroon mu January 2022. Makala amazima mlandu usanagamulidwe.

Anzathu a ku America mlandu wotere anaumangira bwalo. Masewero awo a baseball, omenya kampira ndi chibonga, ali ndi nyumba ya chikumbutso m'tauni yaing'ono ya Cooperstown, imene inatsegulidwa mu 1939. Akatswiri asanu oyamba anasankhidwa mu 1936, ena mwa iwo Ty Cobb ndi Babe Ruth. Kuti munthu aganiziridwe, ayenera kuti anasewera zaka khumi mu ligi yaikulu, n'kudikira zaka zisanu atasiya, kenako n'kuvomerezedwa ndi atolankhani 75 mwa 100 alionse ovota. Kudikirako ndimakukonda. Fumbi la m'bwalo limayamba lakhazikika, ochemerera atopa, ndiye anthu n'kuona bwino chimene munthu anasiya.

Komabe bwalolo silinathetse mikangano. Barry Bonds anamenya ma home run 762, kuposa wina aliyense mu ligi yaikulu, koma atolankhani anamukana kwa zaka khumi pomuganizira kuti ankagwiritsa ntchito mankhwala opatsa mphamvu. Pete Rose analetsedwa mu 1989 chifukwa chobetcha pa masewero, ndipo anamwalira mu 2024 asanalowemo. Anthu akuda amene tsankho linawatsekera kunja kwa ligi yaikulu mpaka 1947 anayamba kukumbukiridwa mochedwa: Satchel Paige analowa mu 1971, mutu utachita kale imvi.

Tikabwera kwathu, mbiri yoti tiweruze ilipo yambiri. Mu 1978 Malawi inagonjetsa Zambia 3-2 pakhomo n'kutenga chikho cha maiko a kum'mawa ndi pakati pa Africa. Chaka chotsatira inakachiteteza ku Kenya, ndipo mu 1988 inachitenganso. Mu 1984 Flames inafika koyamba ku ndime yomaliza ya chikho cha Africa ku Ivory Coast, ndipo mu 1987 inabwera ndi mendulo ya bronze kuchokera ku All-Africa Games ku Nairobi. M'zaka zimenezo munali Jack Chamangwana, amene ankamutcha Africa, munali Young Chimodzi, Lawrence Waya ndi Clifton Msiya. Kinnah yekha anagoletsa zigoli 71 atavala malaya a dziko lino, ndipo ali mphunzitsi anatsogolera anyamata amene anathibula Algeria 3-0 ku Angola mu 2010. Kwa ine, pa Kinnah palibe chokambirana.

Povuta ndi pa umboni. Wailesi ya kanema ya dziko lino inayamba mu 1999. Munthu wa ku Bembeke, ku Lobi kapena kwa Mayani amene amalumbira kuti Kinnah anali wosagwirika, mpirawo anauonera m'makutu, atatsamira wailesi ya MBC, mabatire ataumikidwa padzuwa tsiku lonse. Amene anakhaladi pa Kamuzu Stadium akutha mmodzimmodzi. Chamangwana tinamuika m'manda mu 2018. Mdzukulu akadzafunsa kuti ankatchinga bwanji kumbuyo kuja, adzamuyankha ndani?

Mtawali ndiye amabweretsa funso la mtundu wina. Luso lake analionetsa kwambiri kunja: ku Bloemfontein Celtic ndi ku Mamelodi Sundowns, kenako anafika mpaka ku Toulouse m'dziko la France. Koma anapita ku South Africa pa nthawi imene dzikolo linali litachotsedwa mu FIFA chifukwa cha tsankho, ndipo Flames inamusowa pa zaka zimene mwendo wake unali pachimake. Tiyeze luso, kapena tiyeze thukuta lokhetsera mbendera? Titakhala ndi nyumba ya chikumbutso yathu, ine ndingamulowetse, koma nkhani yonse ilembedwe pansi pa chithunzi chake, osabisa kanthu.

Ndiye pali amayi, amene pa mbaula paja satchulidwa n'komwe. Mary Waya ananyamula timu ya netball ya Queens zaka zambiri dziko lonse lapansi likuona. Mwawi Kumwenda anasankhidwa kukhala wosewera bwino koposa pa chikho cha dziko lonse cha netball ku Sydney mu 2015. Temwa Chawinga anagoletsa zigoli 20 mu ligi ya amayi ya ku America mu 2024, zimene palibe anachitapo m'chaka chimodzi, koma iye ndi mkulu wake Tabitha adikire kaye, nsapato sanapachike. Mphoto za pachaka zimayamika nyengo imodzi. Apa tikunena za moyo wonse wa munthu.

Kusunga mbiri si chinthu chachilendo kwa anthu a ku Dedza. Ku Chongoni kuli malo 127 a zojambula za pamiyala, amene UNESCO inawazindikira mu 2006. Kutsetsereka kupita ku Mua, Bambo Claude Boucher anayambitsa Kungoni mu 1976, ndipo lero zigoba za gule wamkulu zili m'menemo, chilichonse ndi dzina lake ndi tanthauzo lake. Ntchitoyo inatheka chifukwa munthu anakhala pansi ndi akuluakulu akadali moyo, n'kulemba zimene ankanena.

Dedza Dynamos inalowa mu Super League mu 2022, ndipo ana odzadza pa Dedza Stadium ali ndi mayina awoawo oimba. Ambiri mwa iwo Kinnah amamudziwa ngati mphunzitsi chabe. Pafupi nawo pamakhala gogo wovala chikhoti ndi chisoti chaubweya, amene anamva chigoli chilichonse cha mu 1978 pa wailesi, ndipo palibe mwana amene amamufunsa.